Git asakuwonongereni zithunzi ndi ma PDF: momwe mungatetezere mafayilo a binary

Fayilo imene Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo, waiwononga sionetsa bala. Dzina ndi lomwelo, ili mu foda yake yomweyo, ndipo kukula kwake kwasintha ndi ma byte (tizidutswa ting'onoting'ono ta data) ochepa moti simungaone ndi maso. Vuto limatulukira tsiku loti muitsegule: chithunzi chikukana, Excel akuti fayilo yawonongeka, PDF ikutseguka masamba ena ali mbee, database ya SQLite ikuyankha kuti `database disk image is malformed`. Aliyense amayamba kuloza chala flash, vayirasi kapena magetsi amene anathima pakati pa ntchito. Pa nkhani iyi onsewo ndi osalakwa. Wolakwa ndi kamzere kamodzi ka mu `.gitattributes`, fayilo imene imauza Git chochita ndi mtundu uliwonse wa fayilo, kapena kusowa kwa `.gitattributes` yeniyeniyo.

Ine ndimasamalira kapulogalamu ka gulu la alimi a kachewere kuno ku Dedza, cha ku Bembeke. Mu repo yathu, foda imene Git amaisunga pamodzi ndi mbiri yake, muli code, komanso muli zinthu zimene si code: logo ya gulu, mafomu a PDF olembetsera mamembala, fayilo ya Excel ya mitengo imene timaiyerekeza ndi ya pa msika wa Lizulu, malisiti osikana, ndi ka database koyesera. Ine ndimagwiritsa ntchito Linux. Amayi amene amasunga mabuku a gulu ali pa Windows, ndipo mnyamata wa ku Ntcheu amene amatithandiza code nayenso ali pa Windows. Pamene makompyuta asakanikirana chonchi ndi pamene vutoli limakonda, ndiye zimene ndilembe apa ndi zimene timachita ifeyo.

Zimene zimachitika mkati mwa fayilo

Mukadina Enter polemba, kompyuta imaika chizindikiro chosaoneka chosonyeza kuti mzere watha. Linux ndi macOS zimaika byte imodzi, nambala 10, imene imatchedwa LF. Windows imaika ziwiri, 13 kenako 10, ndiye CRLF imeneyo. Kusiyanaku kunachokera ku makina akale otayipira, kumene kubwerera kumayambiriro kwa mzere ndi kukweza pepala zinali ntchito ziwiri zosiyana. Git analembedwa ndi Linus Torvalds mu 2005 kuti azisungira code ya Linux, ndipo anthu a Windows atachuluka panafunika njira yoti mbali ziwirizi zisamalimbane pa mzere uliwonse. Njirayo ndi iyi: fayilo ikamalowa mu repo, Git amasandutsa CRLF aliyense kukhala LF, ikamatuluka kupita pa kompyuta ya Windows, amasandutsa LF kukhala CRLF.

Pa fayilo ya mawu, monga code ya Python kapena HTML, zimenezi ndi zabwino. Koma mu chithunzi mulibe mizere. Nambala 13 ndi 10 m'menemo ndi nambala wamba: mwina chidutswa cha mtundu wa kadontho, mwina utali wa gawo lotsatira. Ndipo zimapezeka zambiri kuposa momwe mungaganizire. Byte imodzi ikhoza kukhala nambala iliyonse mwa 256, ndiye mu fayilo yopanikizidwa ngati JPEG, nambala 10 imapezeka pafupifupi kamodzi pa ma byte 256 alionse, ndipo 13 yotsatana ndi 10 imapezeka pafupifupi kamodzi pa 65,536. Chithunzi cha 2 MB cha pa foni chimakhala ndi ma LF cha m'ma 8,000 ndi ma CRLF cha m'ma 30. Kuchotsa kapena kuwonjezera byte pa malo amodzi okha n'kokwanira kusokoneza zonse za kutsogolo kwake.

Amene anakonza PNG m'zaka za m'ma 1990 ankalidziwa bwino vutoli. Fayilo iliyonse ya PNG imayamba ndi ma byte asanu ndi atatu awa: 137, 80, 78, 71, 13, 10, 26, 10. Onani 13 ndi 10 zili pakatipo, ndi 10 ina yokhayokha kumapeto. Anaziika dala, kuti ngati china chake chasintha mathero a mizere m'njira, pulogalamu izindikire pa khomo pomwe n'kukana. N'chifukwa chake logo ya PNG imakhala yoyamba kudandaula. Mafayilo a `.xlsx` ndi `.docx` ndi ma ZIP mkati mwake, ndipo nawonso sapirira. PDF ndiye yachinyengo: kumapeto kwake kuli tebulo lonena kuti chinthu chakutichakuti chili pa byte nambala yakuti, ndiye ma byte akasuntha tebulolo limaloza pena. Mapulogalamu ena owerengera PDF amadzikonzera mwakachetechete, ena amakana, moti fayilo imodzimodzi imatseguka kwa inu koma kwa mnzanu ayi.

Mfundo imene muyenera kuigwira kwambiri ndi yakuti njira ziwiri zija sizofanana kuopsa. Ngati fayilo inalowa mu repo ili bwino n'kuwonongeka potuluka, yabwinoyo idakali m'mbiri ya repo ndipo mukhoza kuitulutsanso. Koma ngati inawonongeka polowa, ma 13 aja anatayidwa. Mwa ma LF 8,000 otsalawo palibe chosonyeza kuti ndi ati 30 amene anali ndi 13 patsogolo. Git sangakubwezereni chimene sanasunge.

Git amalota bwino, mpaka mutamuletsa

Anthu ambiri akamva nkhaniyi amathamangira kudzudzula `core.autocrlf`. Ndi zoona kuti poika Git pa Windows, chisankho chimene chimakhala chodinidwa kale ndi chija chotulutsa CRLF n'kusunga LF, chomwe ndi `core.autocrlf=true`. Koma ndi chisankho chimenechi Git sasintha fayilo mwachisawawa. Amayamba waiyang'ana mkati. Akapezamo byte ya 0, kapena 13 yokhala yokha popanda 10 pambuyo pake, kapena zizindikiro zosalembeka zochuluka kuposa chimodzi pa 128 zolembeka, amati iyi ndi binary, kutanthauza fayilo yosakhala ya mawu, n'kuisiya. Zithunzi, ma ZIP ndi ma database pafupifupi onse amagwidwa ndi mayeso amenewa. Zimene zimapulumuka ndi za m'malire: PDF yosapanikizidwa imene mkati mwake imaoneka ngati mawu, fayilo yosainidwa pa kompyuta imene byte iliyonse imawerengedwa, kapena fayilo ya data imene mzere uliwonse uyenera kukhala wa utali wofanana.

Chimene chimapha mafayilo mwaunyinji ndi mizere iyi ikapezeka mu `.gitattributes`:

```
* text
* text eol=crlf
* eol=lf
```

Kanyenyezi kakutanthauza fayilo iliyonse. Liwu lakuti `text` lopanda `=auto` likuuza Git kuti asayang'anenso mkati, angosintha. Mzere wachitatuwo umaoneka wofatsa, koma kuika `eol` pa fayilo imene simunanene za `text` kumachititsa Git kuitenga ngati ya mawu. Zili ngati kutuma waganyu kukapalira n'kumuuza kuti azule chilichonse chooneka ngati udzu: m'munda wa chimanga agwira ntchito yabwino, koma mukamulowetsa m'munda wa mawere ongomera kumene, akuzulirani mbewu yonse ali ndi mtima woyera.

Kwathu mzere wachiwiriwo unalowa chifukwa munthu wina anatopa ndi chenjezo lija la `LF will be replaced by CRLF`, anafufuza pa intaneti, anapeza yankho loti limaletsa phokosolo, n'kulikopera. Mawa lake `git status` inaonetsa zithunzi ndi ma PDF ngati zasinthidwa pamene palibe anazikhudza. Mukaona zimenezi, imani pomwepo. Chithunzi sichidzisintha chokha. Git akuchiyerekeza ndi momwe chingakhalire atachotsa ma 13, ndipo `git add .` yotsatirayo ndi imene imalowetsa chowonongekacho mu repo.

Yang'anani musanakhudze kanthu

Tsegulani Git Bash ngati muli pa Windows, kapena terminal wamba pa Linux, mulowe mu foda ya repo, mulembe izi:

```
git --version
git config --show-origin core.autocrlf
git ls-files --eol
```

Lamulo lachitatulo ndi limene limaulula zonse. Pa fayilo iliyonse limaonetsa zinthu zitatu: `i/` ndi momwe ilili mkati mwa Git, `w/` ndi momwe ilili mu foda yanu, `attr/` ndi zimene `.gitattributes` yanena. Mudzaona zofanana ndi izi:

```
i/lf     w/crlf   attr/text=auto      app.py
i/-text  w/-text  attr/-text          zithunzi/logo.png
i/-text  w/-text  attr/text eol=crlf  mafomu/kulembetsa.pdf
```

Mzere woyamba uli bwino: code yosungidwa ndi LF, yotulutsidwa ndi CRLF pa Windows. Wachiwiri ulinso bwino. Wachitatu ndi moto. Git akuona yekha kuti fayiloyo ndi binary, n'chifukwa chake walemba `-text` kumanzere, koma walamulidwa kuichita ngati mawu. Kuti muone mafayilo onse amene Git akuwaona ngati binary, lembani `git ls-files --eol | grep "i/-text"`. Mndandanda umenewu ndi umene mugwiritse ntchito polemba `.gitattributes`, m'malo mongokopera wa munthu wina amene repo yake ili ndi zinthu zina.

Ngati mukufuna kudziwa za fayilo imodzi yokha, `git check-attr -a -- zithunzi/logo.png` ikuuzani. Kumbukirani kuti malamulo akhoza kubisala m'malo angapo: `.gitattributes` ina mu foda ya mkati imaposa ya pamwamba, ndipo `.git/info/attributes` ya pa kompyuta yanu yokha imaposa zonse. Zikamaoneka zosamveka, fufuzani kumeneko.

Kulemba .gitattributes

Yathu, nditachotsamo zosafunika, ili chonchi:

```
* text=auto

*.sh   text eol=lf
*.bat  text eol=crlf

*.png  binary
*.[jJ][pP][gG]  binary
*.jpeg binary
*.pdf  binary
*.xlsx binary
*.docx binary
*.zip  binary
*.db   binary
*.ttf  binary

malisiti/**   binary
malipoti/*.csv  -text
```

Mzere woyamba ukusiya Git kuti aziyang'ana yekha pa mafayilo amene simunawatchule. Uyenera kukhala pamwamba, chifukwa mu fayiloyi mzere wa m'munsi umaposa wa pamwamba. Mukauika kumapeto, ufafaniza chitetezo chimene mwaika pa zithunzi n'kubwezera zonse ku kulota.

Liwu lakuti `binary` ndi chidule cha zinthu zitatu: `-text`, `-diff` ndi `-merge`. Choyamba chimaletsa kusintha mathero a mizere, chachiwiri chimaletsa Git kukuonetsani zinyalala za mkati mwa chithunzi mukalemba `git diff`, chachitatu chimamuletsa kuyesa kuphatikiza mafayilo awiri mzere ndi mzere. Nthawi zina mumangofuna choyamba chokha. Ma CSV a malipoti athu amapita ku pulogalamu ina imene imafuna CRLF ndendende, koma ndimafunabe kuona mzere umene wasintha, ndiye ndinaika `-text` yokha.

Tizinthu titatu timagwetsa anthu apa. Koyamba ndi zilembo zikuluzikulu. Makamera ndi masikana ambiri amatchula fayilo `IMG_0042.JPG`, ndipo pa Linux `*.jpg` siigwira `.JPG`. N'chifukwa chake mzere wa JPG uja ukuoneka wachilendo. Umagwira zonse ziwiri. Kachiwiri ndi foda. Mu `.gitignore` tinazolowera kulemba `malisiti/` n'kuthana nazo, koma mu `.gitattributes` kulemba kotero sikukhudza mafayilo a mkati. Muyenera kulemba `malisiti/**`. Kachitatu ndi fayiloyo mwini wake. Notepad imakonda kuwonjezera `.txt` kumapeto, ndiye mumakhala ndi `.gitattributes.txt` imene Git saiwerenga n'komwe. Ndipo mukaipanga ndi `echo` ndi chizindikiro cha `>` mu Windows PowerShell 5.1, imalembedwa mu UTF-16, imene Git saimva. Ipangeni mu VS Code kapena mu Git Bash, kenako muyese ndi `git check-attr`. Ikayankha `text: unset` pa chithunzi, ndiye kuti yagwira.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangouza aliyense kuti azimitse `core.autocrlf`. Chifukwa chisankho chimenecho chimakhala pa laputopu ya munthu mmodzi, sichiyenda ndi repo. Wophunzira akabwera kudzaphunzira ntchito ndi kompyuta yake, kapena laputopu ikafa n'kuikanso Windows, mumayambiranso. Pamene `.gitattributes` imapita ndi `git clone` iliyonse, ndipo zimene yanena zimaposa za `core.autocrlf`. Fayilo yolembedwa `binary` sikhudzidwa, kaya mwini kompyuta anasankha chiyani poika Git.

Ngati muli ndi makompyuta akale, yang'anani nambala ya Git. Anthu ena amakonda kulemba `* text=auto eol=lf` pamwamba, ndipo pa Git wa masiku ano zili bwino. Koma Git 2.10, wa mu 2016, asanatuluke, mzere umenewu unkagwira ntchito ngati `* text eol=lf`, kutanthauza kuti unkasintha ndi zithunzi zomwe. Ubuntu 16.04 inkabwera ndi Git 2.7.4, ndipo makompyuta otere sanathe m'maofesi mwathu muno. Kutchula mtundu uliwonse wa binary ndi dzina lake kumakutetezani ngakhale pamenepo.

Kukonza repo imene yadwala kale

Apa ndondomeko ndi yofunika kuposa malamulo enieniwo, ndipo malangizo ambiri a pa intaneti amadumpha sitepe imene imapweteketsa. Amati konzani `.gitattributes` kenako lembani `git add --renormalize .` basi. Lamulo limeneli linabwera ndi Git 2.16 mu 2018, ndipo limatenga mafayilo monga alili mu foda yanu n'kuwalowetsanso motsatira malamulo atsopano. Tsopano taganizani: chithunzi cha mu foda yanu chinawonongeka potuluka, inu mwachilemba `binary`, ndiye Git achilowetsa momwemo, chowonongeka, osasintha byte ngakhale imodzi. Mwatsekera wakuba m'nyumba ndi loko watsopano. Choncho yambani ndi kuchiza zithunzi, renormalize ibwere pambuyo.

Musanayambe, koperani foda yonse ya repo pa malo ena. Uzaninso anzanu kuti asapange pull, asasinthe branch, ndipo asalembe `git reset --hard` mpaka mutawauza. Chifukwa chake ndi chakuti munthu amene anaika fayilo koyamba amakhala nayobe yabwino mu foda yake. `git add` imawononga zimene zikulowa mu repo, osati zimene zili pa disk. Fayilo yake imawonongeka pokhapokha Git akailembanso. Kwa ife mafomu ena anapulumuka chifukwa laputopu ya amayi a mabuku inali isanalumikizidwe pa intaneti sabata imeneyo.

Kenako pangani commit, kutanthauza kusunga kusinthaku m'mbiri ya repo, ya `.gitattributes` yokhayokha:

```
git add .gitattributes
git commit -m "Tchulani mafayilo a binary"
```

Tsopano tengani fayilo imodzi imodzi. Onani mbiri yake ndi kukula kwake pa commit iliyonse:

```
git log --oneline -- zithunzi/logo.png
git cat-file -s a1b2c3d:zithunzi/logo.png
```

M'malo mwa `a1b2c3d` ikani nambala ya commit yanu. Ngati mbiri ikuonetsa commit imodzi yokha, ya nthawi imene mzere woipa uja unali usanalowe, ndiye kuti ya mu repo ili bwino. Fufutani ya mu foda yanu, mulembe `git restore zithunzi/logo.png`. Kufufutako n'kofunika, chifukwa Git akaona kuti fayilo sinasinthe chiitulutsireni amatha kuisiya momwemo. Ngati pali commit ina imene inachepetsa fayiloyo ndi ma byte ochepa popanda chifukwa, imeneyo ndi imene inaiwononga, ndipo mutenge ya mu commit imene inalipo iyo isanapangidwe:

```
git restore --source=a1b2c3d -- zithunzi/logo.png
```

`git restore` inabwera ndi Git 2.23 mu 2019. Pa Git wakale lembani `git checkout a1b2c3d -- zithunzi/logo.png`. Itseguleni muone ndi maso kuti ili bwino musanapange `git add`. Pewani njira ya `git show a1b2c3d:zithunzi/logo.png > logo.png` mukakhala mu Windows PowerShell 5.1, chifukwa `>` ya mmenemo imatenga zotulukazo ngati mawu n'kuzilembanso, ndiye muwononga kachiwiri fayilo imene inali bwino, n'kuganiza kuti mbiri yonse ndi yoola. Mu Git Bash njira yomweyo imagwira.

Ngati fayilo inalowa koyamba mzere woipa ulipo kale, mu repo mulibe yabwino. Pitani mukaifune kumene inachokera: laputopu ya amene anaiika, imelo, flash, foni. Ya pa WhatsApp imathandiza ngati inatumizidwa ngati document. Yotumizidwa ngati chithunzi imakhala itapanikizidwanso, ndiye ikhoza kugwira ntchito koma si yomweyo. Pali anthu amene amayesa kubwezera ma 13 mu PNG poyesa malo amodziamodzi mpaka nambala zotsimikizira za mkati zitagwirizana. Pa logo imodzi ya mtengo wapatali mwina, koma pa malisiti n'kwapafupi kukwera njinga kukasikananso.

Mafayilo onse a binary akachira n'kulowa mu commit yawo, ndi pamene mungalembe:

```
git add --renormalize .
git diff --cached --stat
```

Werengani mndandandawo mofatsa. Muyenera kukhala mafayilo a mawu okhaokha. Mukaona mzere wokhala ndi `Bin` ndi nambala ziwiri zosiyana pang'ono, pali chithunzi kapena PDF imene mwaiphonya. Ichotseni ndi `git restore --staged` mubwerere m'mbuyo. Zonse zikakhala bwino pangani commit yosaphatikiza ntchito ina iliyonse, chifukwa ikhoza kukhudza mizere yambirimbiri ndipo simukufuna kuti kusintha kwenikweni kwa code kubisale m'menemo. Amene ali ndi branch yakale akhoza kuthandizidwa ndi `git merge -X renormalize` kuti asakumane ndi mikangano pa mzere uliwonse.

Kuyesa popanda kutha bandulo

Osakhulupirira kuti zatheka musanayese. Mayeso oyamba ndi a fayilo yatsopano imene simunailowetse:

```
git hash-object mafomu/kulembetsa.pdf
git hash-object --no-filters mafomu/kulembetsa.pdf
```

Lamulo loyamba limawerengera fayilo monga Git angaisungire atatsata malamulo anu, lachiwiri monga ilili. Nambala ziwirizo zikafanana, Git saisintha. Zikasiyana pa fayilo ya binary, musailowetse.

Mayeso achiwiri ndi amene ndimawakonda, chifukwa safuna intaneti, ndipo kuno netiweki ikagwa nthawi ya chifunga cha June munthu umatha kudikira mpaka madzulo. Mukhoza kupanga clone kuchokera mu foda yanu yomweyo, n'kunamizira kuti ndinu kompyuta ya Windows:

```
git clone -c core.autocrlf=true . ../kuyesa
sha256sum zithunzi/logo.png ../kuyesa/zithunzi/logo.png
```

Nambala ziwiri zazitalizo ziyenera kufanana chilembo ndi chilembo. Pa Windows popanda Git Bash, `certutil -hashfile logo.png SHA256` imachita zomwezo. Ine ndimapempha mnzathu wa ku Ntcheu kuti anditumizire nambala ya fayilo yake pa meseji, ndiyerekeze ndi yanga. Ndi zilembo 64 zokha, sizilemera ngati kutumizirana fayilo yonse. Mukamaliza fufutani foda ya `kuyesa`.

Palinso loko wina amene mungaike pa kompyuta yanu: `git config core.safecrlf true`. Akakhalapo, Git amakana kulowetsa fayilo imene kusintha kwake sikungabwezedwe, m'malo mongochenjeza n'kupitiriza monga amachitira mukapanda kunena kanthu. Ndimamuika pa repo imene muli mafayilo osasinthanitsika. Dziwani kuti amavutitsa: pa Windows amatha kukana ngakhale fayilo wamba ya code imene yalembedwa ndi LF, ndiye munthu wosapirira amamuchotsa tsiku lomwelo. Ndipo nayenso sayenda ndi repo.

Zina zofanana nazo

Fayilo ya mawu yolembedwa mu UTF-16, monga zimene mapulogalamu ena a Windows amatulutsa, Git amaiona ngati binary chifukwa ili ndi ma byte a 0 ambiri. Isiyeni choncho, kapena mugwiritse ntchito `working-tree-encoding=UTF-16` imene inabwera ndi Git 2.18. Kuikakamiza ndi `text` yokha n'kuiwononga.

Ngati mafayilo anu ndi aakulu, monga mavidiyo a tsiku la chionetsero cha m'munda, GitHub imakana fayilo yoposa 100 MB, ndipo pamenepo anthu amagwiritsa ntchito Git LFS, chowonjezera cha Git chosungira mafayilo aakulu padera. Mukalemba `git lfs track "*.mp4"` imawonjezera yokha mzere mu `.gitattributes` umene uli kale ndi `-text` kumapeto. Ingoonetsetsani kuti palibe mzere wa kanyenyezi m'munsi mwake. Kunena zoona, ine ndimaona kuti malisiti osikana sayenera kukhala mu Git n'komwe, chifukwa sasintha ndipo amalemeretsa clone iliyonse. Athu alimo chifukwa komiti inafuna zonse zikhale pamalo amodzi.

Amene mudakali pa Subversion, pulogalamu ina yakale yogwira ntchito yonga ya Git, vuto ndi lomweli koma dzina ndi `svn:eol-style`. Musaike chimenechi pa fayilo ya binary, ndipo yang'anani `auto-props` yanu ngati ili ndi kanyenyezi kogwira zonse. Zithunzi ndi ma ZIP zipatseni `svn:mime-type` yoyenera, monga `application/octet-stream`. Pa CVS, inanso yakale ya mtundu womwewo, fayilo yotere imalowetsedwa ndi `cvs add -kb`.

Ndipo ngati mu repo zonse zili bwino koma logo ikuoneka yosweka pa webusayiti pokha, yang'anani njira imene munaikwezera. FTP ili ndi njira ziwiri zotumizira, ASCII ndi binary, ndipo ya ASCII imasintha mathero a mizere ndendende monga tafotokozera. Mu FileZilla pitani pa Transfer, kenako Transfer type, musankhe Binary, mufufute fayilo ili pa seva, muikwezenso, n'kuyerekeza kukula kwake mu ma byte ndi ya pa kompyuta yanu.